Anazimitsa Khadi la Amayi Chifukwa Anakhala Edda

Khadi la chipatala la amayi anga alizimitsa. Opaleshoni yawo ya mtima, imene imayenera kuchitika Lachinayi likubwerali, aichotsa pandandanda. Ndipo pasipoti imene anawagwirira nayo ndinaipereka ndine ndi manja angawa, nditauzidwa pawindo la ofesi ya boma kuti palibe vuto lililonse. Ndikulemba pagulu lathu lino kuti mumve bwinobwino, makamaka inu amene muli ndi makolo okalamba kuno ku Toronto. Amene simukonda zolemba zazitali, pepani, lero mupirire.

Ndine Patuma wa ku Scarborough, uja ndimagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Kwathu ndi ku Mangochi. Bambo ndi mayi anga akhala kuno zaka zambiri, mapepala awo ndi athunthu, ndipo anali ndi kafulati kawo ku North York. Chaka chatha kumayambiriro kwa Novembala anapita kumudzi kukathawa chisanu ndi kukaona abale. Tikiti yobwerera inali ya Febuluwale. Kumapeto kwa Januwale bambo anagwa pakhomo akuchokera kumzikiti, ndipo sanadzukenso. Anawaika tsiku lomwelo. Ine ndinafika dothi litauma kale pamanda.

Anzathu achikhristu mwina simukudziwa, ndiye ndifotokoze. Kwa ife Asilamu mwamuna akamwalira, mkazi amakhala edda. Miyezi inayi ndi masiku khumi ali pakhomo pa mwamuna wake. Sayenda ulendo, sagona kwina, sadzikongoletsa. Ine ndinayesa kuwanyengerera amayi kuti tibwerere limodzi, edda akamalizire kuno. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati bambo ako ndakhala nawo zaka makumi anayi, lero ndilephere kuwakhalira miyezi inayi? Ndinabwerera ndekha kuntchito, amayi ndinawasiya m'manja mwa achimwene anga, a Twaibu. Fulati ya ku North York ndinaibweza kwa eni ake chifukwa lendi ziwiri pa malipiro anga sizikanatheka, ndipo katundu yense ndinatutira kwanga.

Pakati pa Meyi, edda isanathe, amayi anakomoka. A Twaibu anathamanga nawo kuchipatala chapafupi, kumeneko n'kuuzidwa kuti makina ounikira mtima palibe. Anahayala galimoto mpaka ku Blantyre, kuchipatala cholipira. Anawagoneka masiku asanu ndi limodzi. Adokotala anati kachitseko kena ka mumtima kawonongeka, kakufunika opaleshoni, komanso asakwere ndege mpaka atapezako mphamvu. Bilu titaisinthira ku ndalama za kuno inakwana madola 6,400. Zina ndinakongola kubanki, zina munasonkha ndinu a pagulu lino, ndipo sindidzaiwala. Amayi anatera kuno pakati pa Julayi, ali pa njinga ya odwala, ataonda moti mpango unkachita kuwakulira kumutu.

Madokotala a kuno anawaona msanga, apo sindinama. Anati opaleshoni ichitike mu Okutobala, isachedwe kuposa pamenepo. Tinapuma. Kenaka mnzanga wina kuntchito anandiuza kuti munthu akadwala mwadzidzidzi kunja kwa dziko n'kulipira yekha, boma limabwezako kenakake. Anati si zambiri, koma bolani. Ine ndi ngongole ili pakhosi, ndikanakana?

Tsiku lina mu Ogasiti ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, n'kukwera basi ya 8:10 kupita ku ofesi ya makhadi. Dzina lake sinditchula, nonse mukuidziwa. Ndinatenga nambala. Anandiitana 11:40. Pawindo panali mayi wina wa magalasi, wansangala, womwetulira ngati mlamu wako tsiku la chinkhoswe. Ndinamufotokozera zonse osabisa kanthu: ulendo, imfa ya bambo, kudwala kwa amayi. Anapepesa za maliro, anachita kugwira pachifuwa. Anandipatsa fomu, n'kunena kuti imatumizidwa ku ofesi ina, koma ngati ndikufuna ziyende msanga ndiikemo chilichonse: malisiti, kalata ya adokotala, matikiti a ndege, ndi masamba a pasipoti amene ali ndi zidindo.

Apa mvetserani, chifukwa ndinafunsa. Sindinangopereka ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinati, amayi anakhalitsa kumudzi, miyezi yadutsa isanu ndi itatu, kodi zimenezi sizibweretsa vuto? Anandiyankha kuti: "Musadandaule, iwo amangoona malisiti." Anatenga pasipoti ija, anapita nayo kuseri, anakaijambula yekha tsamba ndi tsamba, ulere. Ine kuthokoza. Mpaka ndinamufunira tsiku labwino, abale.

Kenaka zii. Sabata zisanu ndi imodzi popanda kalata, popanda foni. Ndinayamba kuimba pa nthawi yanga yopuma, chakudya chikuzizira m'kontena. Amakuholda ndi kanyimbo kaja kokhala ngati ka m'chikepe cha nyumba zosanja, mphindi makumi anayi, kenaka layini n'kuduka. Woyamba amene ndinamupeza anati mapepala anga sanafike. Wachiwiri anati anafika kalekale. Kwa wachitatu ndinamva makiyi a kompyuta akulira, kenaka anati fayilo ya amayi aipititsa kwa anthu ena kuti akaione mofatsa. Ndinafunsa kuti akaione chiyani, malisiti asanu okha? Anati iye sangathe kunena pafoni, kalata ibwera. Mawu ake anali atasintha. Anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati mmene ife timalankhulira ndi abale a wodwala tikadziwa chimene iwo sanadziwe. Ndinaika foni pansi.

Kalata sinabwere. Chinabwera ndi china.

Kumapeto kwa Sepitembala ndinapita kufamase kukatenga mapilitsi a mtima a amayi, monga mwa mwezi uliwonse. Mnyamata wa pakauntala analowetsa nambala ya khadi, anakwinya nkhope, analowetsanso. Anaitana bwana wake. Bwanayo anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti khadi likukana. Ndinati ndi makina anuwo. Anati mwina, koma lero mulipire. Ndinalipira madola 186 pa mankhwala amene sitinalipirepo chiyambire. Amayi sindinawauze. Ndinadzinamiza kuti ndi kompyuta, mawa zikhala bwino.

Patapita masiku awiri foni inalira ndili pakati posambitsa wodwala. Anali mlembi wa kuchipatala kumene amayi akachitidwe opaleshoni. Anati khadi likuonetsa kuti silikugwira ntchito, choncho tsiku lija sangalisunge. Anati likhoza kusungidwa titapereka chikole, n'kutchula ndalama imene ine sindinaigwirepo chibadwire. Ndinamupempha abwereze. Anabwereza. Anati pepani kwambiri, konzani za khadi msanga, mukakonza mutiimbire tikuikeninso pamzere. Pamzere! Mtima wa munthu ukudontha, iwo akuti pamzere.

Mawa lake sindinapite kuntchito. Ndinawaveka amayi jekete, tinakwera basi, tinafika ku ofesi ija chitseko asanatsegule. Kuchoka pamalo otsikira basi kufika pakhomo ndi pafupi, mwana amathamanga mpweya umodzi. Amayi anaima katatu. Nthawi iliyonse ankanamizira kukonza mpango.

Pawindo tinapeza bambo wina wa tayi, wosamwetulira, wosayang'ana munthu kumaso. Anatenga khadi, anayang'ana pakompyuta, n'kunena kuti kalata anatumiza mwezi wathawu, yotipatsa masiku makumi atatu kuti tiyankhe, ndipo ife sitinayankhe. Ndinafunsa kuti anatumiza kuti. Anawerenga keyala ya ku North York, fulati ija ndinabweza. Ndinati pafomu ndinalemba keyala yanga ya ku Scarborough ndi zilembo zikuluzikulu. Anati fomu ija ndi ya ofesi ya zobweza ndalama, kalata inachokera ku ofesi ya zoona amene ali woyenera khadi, ndipo awiriwa sagawana makeyala. Ndiye ndimve bwanji? Zidindo za m'pasipoti anagawana bwinobwino tsiku lomwelo. Keyala yokha ndiyo inawalemera kunyamula?

Anandifotokozera lamulo ngati akuwerenga pakhoma. Munthu akakhala kunja kupitirira miyezi isanu ndi iwiri m'chaka chimodzi, amayesedwa kuti wasamuka. Ngati ankadziwa kuti akakhalitsa, akanabwera kudzanena asananyamuke. Ndinati, akanadzanena chiyani? Kuti tikupita kumudzi ndipo amuna anga akafa mu Januwale? Imfa imabukitsa kodi kuno?

Ndinayesa kumufotokozera za edda. Ndinalankhula mofatsa, Chingerezi changa chonse ndinachitulutsa. Ndinati ndi chipembedzo chathu, mkazi wamasiye sachoka pakhomo, ndipo itatha anali akudwala, adokotala anawaletsa kukwera ndege, kalata yake nayi. Anatembenuza kompyuta pang'ono kuti ndione. Anati zifukwa zimene iye ali nazo ndi izi: sukulu, ntchito, ntchito zachifundo, ndi holide. Chimene ndikunenacho palibe. Kenaka anandifunsa ngati ndikufuna alembe holide.

Holide. Mayi anga akhala pamkeka miyezi inayi m'nyumba imene amuna awo anatulukamo atakulungidwa m'nsalu, osadzola mafuta onunkhira, osapita ngakhale kumsika, munthu n'kumati holide. Ndinagwira kauntala ndi manja onse awiri kuti asachite zina.

Ndinafunsa kuti ndiye titani. Anati khadi likhoza kuyatsidwanso amayi akaonetsa umboni woti akukhaladi kuno. Pepala la lendi la m'dzina lawo. Bilu ya magetsi ya m'dzina lawo. Kalata ya mwezi ya kubanki ya m'dzina lawo. Abale, inu mukuwadziwa makolo athu. Amayi anga sanasainepo pepala la nyumba chikwatiwire. Lendi, magetsi, foni, banki, zonse zinali za bambo. Bambo ndiwo ankasunga makhadi m'chikwama chawo, amayi ankangonena chimene chatha m'nyumba. Umu ndi mmene anakhalira moyo wawo wonse, ndipo palibe anaonapo cholakwika. Ndinamuuza bamboyo zimenezi. Mukudziwa chimene anayankha? Anati ngati zonse zili m'dzina la amuna awo, amuna awowo abwere adzasaine kuti amakhala limodzi.

Ndinali nditangomuuza kumene kuti bambo anamwalira. Kawiri. Kalata ya imfa inali pakauntala pamaso pake, pansi pa chigongono chake.

Amayi Chingerezi amamva chapatalipatali, koma mawu oti mwamuna anawagwira. Anandikoka jekete n'kufunsa kuti akuti chiyani. Ndinawauza. Anati: "Muuze kuti ali ku Mangochi. Sabwera."

Ndinamasulira mawu ndi mawu. Apo ndi pamene anadzutsa mutu n'kutiyang'ana koyamba. Anapepesa. Koma khadi sanayatse.

Pawindo lachitatu kuchokera pamenepo ndinamuona mayi wa magalasi uja, akumwetulirabe, akuthandiza banja lina. Ndinapita pomwepo, mzere kapena ayi. Ndinati, mukundikumbukira? Munandiuza kuti amangoona malisiti. Anandiyang'ana ngati ndikumupempha ndalama ya basi. Anati amaona anthu ambiri patsiku, ndipo iye sangalankhule mawu oterowo chifukwa si mbali yake. Ndinapempha kuonana ndi mkulu wawo. Ali kumiting'i. Abwera nthawi yanji? Sakudziwa. Ndidikire? Mukhoza kudikira, koma akabwera akuuzani zomwezi. Tinadikira mpaka 2:30, amayi atatsamira khoma, milomo itayera. Mlonda ndiye anawabweretsera madzi. Mkulu uja sanatuluke.

Tsopano imvani chimene chandipangitsa kulemba. Lolemba la sabata yatha ndinatsegula bokosi la makalata pansi pa fulati yanga, ndipo munali envelopu ya boma. Dzina la amayi. Keyala yanga ya ku Scarborough, yolondola mpaka nambala ya chitseko. M'kati munali cheke cha madola 1,200. Akuti pamene amayi ankakomoka ku Malawi miyezi isanu ndi iwiri inali isanakwane, choncho nthawi imeneyo anali woyenera, nazi ndalama zanu. Ndiye kuti pobweza ndalama akudziwa kumene amayi amakhala. Powachenjeza kuti khadi lizima, sakudziwa.

Ndinathamanga nayo envelopu ija ku ofesi, ulendo wachitatu. Ndinati nawu umboni, dzina lawo, keyala yathu, chidindo chanu chomwe. Anaitembenuza uku ndi uku, anakafunsana kuseri, anabwera n'kunena kuti pepala limeneli silili pagulu la mapepala amene amalandira. Boma likukana kalata ya boma. Ine ndiseke kapena ndilire?

Ndawatsegulira amayi akaunti kubanki. Kalata yoyamba ya mwezi ituluka mwezi ukatha. Eni fulati yanga akuti kuwonjezera dzina papepala la lendi zimadutsa kulikulu lawo, ndidikire sabata ziwiri kapena zitatu. Mapepala akakwana, a ofesi akuti adzayamba kuona nkhaniyi, ndipo atenga nthawi yaitali bwanji sanganene. Aliyense ali ndi sabata zake zoti ndidikire. Adokotala okha ndiwo anati tisadikire.

Chimene chikundiopsa kwambiri si ofesi. Ndi amayi. Asiya kudandaula. Kale ankati Patuma pachifuwa pakundithina, Patuma ndikumva chizungulire. Pano ndikafunsa amati ndili bwino, koma ndimawaona akuchoka pampando kupita kubafa atagwira khoma. Mapazi atupa, masilipasi sakulowanso. Popemphera amaswali chokhala. Dzulo masana ndinawapeza kukhitchini atatsamira sinki, thukuta lili kamukamu, mpweya ukuchita kulira. Ndinatenga foni kuti ndiitane ambulansi. Anandigwira dzanja ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Anati usaitane, ndilibe khadi. Ndinawauza kuti munthu wodwala mwakayakaya sabwezedwa pakhomo la chipatala, khadi kapena ayi. Anati inde sandibweza, koma bilu adzatumiza kwa iwe. Tinakangana mpaka mpweya unabwerera pang'ono. Ndagwira ntchito ya odwala zaka zambiri, ndipo wodwala amene wasiya kunena pamene pakupweteka ndimamudziwa kumene akulowera.

Mu mkwiyo wanga ndinawafunsa funso limene sindikanayenera kufunsa. Ndinati, mukanadziwa kuti edda idzatifikitsa apa, mukanakhalabe? Sanaganize n'komwe. Anati akanakhala, ndipo tsiku limodzi sakanadumpha.

Kenaka anandiuza kuti ndibweretse cheke chija. Ndinaganiza kuti akufuna kuona dzina lawo, poti n'koyamba boma kuwalembera iwo osati bambo. Anachiyang'ana, anachipinda pakati, anachilowetsa pansi pa mkeka wawo woswalira. Anati: "Ndalama izi usabwezere ngongole. Ugule sanda yanga, zotsalazo upatse okumba manda. Usadzakongolenso chifukwa cha ine."

Anzathu achikhristu, sanda ndi nsalu yoyera imene timakulungira mtembo.

Ndiye ndili ndi mafunso, ndipo amene ali ndi m'bale kapena mnzake wogwira ntchito m'maofesi amenewa awafikitse. Mayi wa magalasi uja, pojambula pasipoti tsamba ndi tsamba, sankadziwa chimene zidindo zija zikachite? Ngati sankadziwa, akutani pawindo? Ngati ankadziwa, anandimwetuliriranji? Mumazimitsa bwanji khadi la munthu amene ali ndi tsiku la opaleshoni ya mtima, osaimba ngakhale foni imodzi? Nambala yanga inali pafomu. Ndipo ndani anakhala pansi n'kuganiza kuti munthu angakhalitse kunja chifukwa cha sukulu kapena holide, koma osati chifukwa cha maliro a mwamuna wake?

Kwa inu abale, musachite ngati ine. Makolo akamapita kumudzi, werengani miyezi, ndipo mukaona kuti ikuyandikira isanu ndi iwiri yambani kufunsa iwo asanabwere. Amayi anu akhale ndi pepala ngakhale limodzi la m'dzina lawo, ngakhale bambo akhumudwe. Ndipo musanapereke pasipoti pofuna kubwezeredwa tindalama ta chipatala, funsani munthu wodziwa malamulo, osati womwetulira pawindo. Ine ndinakatenga madola 1,200, ndinasiya khadi la mayi anga.

Ngati alipo pano amene anadutsa m'zimenezi, kapena akudziwa loya wa nkhani zotere, andipeze lero, osati mawa. Lachinayi ndi mkuja. Bedi limene likanakhala la amayi agonapo wina. Cheke chikadali pansi pa mkeka, sindinachikhudze. Wina ku ofesi ija andiyankhe chekecho chisanagwire ntchito imene amayi achipatsa.